Musabisale m'mphepete: kupalasa njinga mumzinda waukulu

Munthu amene anaphunzira njinga pabwalo kapena m'kanjira kopanda galimoto, akalowa koyamba mumsewu wa mumzinda, mtima umamunong'oneza kuti: fendera kumphepete, dzichepetse, usasokoneze eni msewu. Mtimawo umanama. Kumphepete n'kumene kumaunjikana mchenga ndi mabotolo osweka, n'kumene kuli ngalande ndi zitseko za galimoto zoima, ndipo n'kumene maso a dalaivala safikako. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi: woyendetsa galimoto akuoneni, ndipo adziwe chomwe mukufuna kuchita musanachichite.

Yambani ndi njingayo, musanatuluke pakhomo

Zoyang'ana tsiku lililonse ndi zitatu: mphepo, mabuleki ndi tcheni. Ntchitoyi siyitenga mphindi ziwiri.

Finyani tayala ndi chala chachikulu. Likalowa mosavuta, popani. M'mbali mwa tayala lililonse opanga amalembamo mlingo wa mphepo yofunika, mu PSI kapena mu bar, ndipo pampu yokhala ndi geji imakuchotserani zongoganizira. Tayala lofewa limakulemetsani miyendo, komanso mukagunda dzenje chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi tala n'kubooka timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Mukaona timabowo totere musasake minga, vuto linali mphepo.

Kenako gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga. Isayende, tayala lakumbuyo ndilo linyamuke. Chitani chimodzimodzi ndi yakumbuyo, tayalalo likhwekhwereze. Ngati chogwirira buleki chikufika mpaka kukhudza handulo, waya watayirira kapena mphira zatha, ndipo ulendo uyambe wadikira.

Pa buleki yakutsogoloyi ndichedwepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri anauzidwa ali ana kuti asamayigwire, imaponya munthu. Imaponyadi woyigwira mwadzidzidzi atawerama. Koma njinga ikamaima kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kuterereka, choncho mphamvu yaikulu yoimitsira ili kutsogoloko. Pezani malo opanda galimoto, muyeserere: palasani, sunthirani matako kumbuyo kwa chishalo, limbitsani manja, finyani mabuleki onse awiri pang'onopang'ono mukuwonjezera mphamvu. Bwerezani kakhumi kapena kuposerapo mpaka zala zizolowere. Dziwaninso dzanja lomwe likugwira buleki yakutsogolo. Ku Britain amayiika kudzanja lamanja, ku America ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya ili kumanzere. Njinga yobwereka kapena yogula yogwiritsidwa kale ntchito ikhoza kukhala ya mbali iliyonse.

Tcheni chikamalira chikufuna oilo. Dontho limodzi pa mfundo iliyonse, zunguzani mapedulo, kenako pukutani ndi kansanza. Oilo wotsalira kunja amangoitana fumbi.

Chishalo chikwere mpaka mwendo uwongoke mukaponda pedulo ndi chidendene, pedulo ili pansi penipeni. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi bondo lidzapindika pang'ono, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chishalo chotsika chimapweteka maondo. Chisoti chikhale chathyathyathya pamutu, zala ziwiri pamwamba pa nsidze, lamba atamangidwa. Chisoti chokankhira kunkhongo chimasiya chipumi pamtunda.

Sankhani njira ngati wa njinga

Msewu umene mumadutsa pa basi kapena pa galimoto kawirikawiri ndi woipitsitsa pa njinga. Umakhala wotakata, magalimoto amathamanga, mphambano zake ndi zazikulu. Pafupi nawo pamakhala misewu ing'onoing'ono yolowera kumodzimodzi, yodutsa m'malo okhala anthu, kumbuyo kwa masitolo, m'mbali mwa mtsinje kapena paki. Ikhoza kukuwonjezerani kilomita imodzi, koma mudzafika mtima uli m'malo. Mapu a pa foni amathandiza: OpenStreetMap ili ndi mapu oonetsa njira za njinga, ndipo Google Maps m'mizinda ina imaloza njira yoyenera wopalasa. Komabe mapu sadziwa dzenje lomwe lakumbika sabata yatha.

N'chifukwa chake njira yatsopano muyiyese tsiku lopuma m'mamawa, msewu usanadzaze. Onani pomwe msewu ukuchepa, pomwe mabasi amaima, pomwe muyenera kudula mizere ingapo ya magalimoto kuti mukhote. Mphambano ikakuopsani, tsikani, yendetsani njinga pamanja, muwoloke ndi oyenda pansi. Palibe manyazi pamenepo. Ine mpaka pano ilipo mphambano imodzi yomwe ndimawoloka wapansi, ndipo sindinaganizepo zosintha.

Za nthawi, werengerani makilomita 15 pa ola mukaphatikiza kuima pa maloboti. Ulendo wa makilomita 5 ndi mphindi 20. Ku Copenhagen, likulu la Denmark, anakonza maloboti a misewu ina, monga Nørrebrogade, kuti wopalasa pa liwiro la makilomita 20 pa ola azipeza obiriwira okhaokha. Liwiro la mumzinda ndi limenelo, losathamangitsa mtima.

Malo anu pamsewu

Apa ndiye pagona nkhani. Mbali yoyendera imasiyana dziko ndi dziko, choncho ndizingoti "kumphepete" ndi "pakati".

Msewu ukakhala wotakata bwino, yendani pafupifupi mita imodzi kuchokera kumphepete. Mita imeneyi ndi pothawira panu. Mukapeza dzenje mumalizemba polowera kumphepete, osati kugwera kutsogolo kwa galimoto. Amene wakanirira kumphepete kale alibe kothawira kwina koma mumsewu.

Msewu ukachepa moti galimoto singakupitirireni popanda kukupalani, cheukani, ndipo mpata ukapezeka lowani pakati pa mzere wanu. Tsiku loyamba zimaoneka ngati mwano. Koma taganizani zomwe dalaivala amaona. Mukakhala kumphepete amaona kampata, n'kuganiza kuti akwanapo, ndipo amadutsa galasi lake likukhudza chigongono chanu. Mukakhala pakati amaona kuti sangadutse popanda kulowa mzere wina, ndiye amadikira. Mwamuchotsera chiyeso. Ku Britain malamulo a pamsewu omwe anasinthidwa mu 2022 amalangiza wopalasa kukhala pakati pa mzere m'misewu yabata, pamene magalimoto akuyenda pang'onopang'ono, ndi poyandikira mphambano. Amalangizanso dalaivala kusiya mpata wa mita 1.5 popitirira njinga. Malamulo a kwanu muwadziwe, koma nzeru yake ndi yomweyo kulikonse. Msewu ukatakatanso, bwererani kumphepete, mukweze dzanja kuthokoza amene anadikira. Hutala ikalira kumbuyo musanjenjemere. Woimba hutala wakuonani.

Yendani mzere wowongoka. Galimoto zikaima m'mphepete motalikirana, musamalowe m'mipata yake n'kumatulukanso. Dalaivala wakumbuyo amakuonani, mwasowa, mwatulukiranso pamphuno pake.

Luso lomwe limasiyanitsa wozolowera ndi wachilendo ndi kucheuka njinga osakhota. Anthu ambiri akatembenuza mutu, manja amatsatira. Yeserani pabwalo, mukutsata mzere wojambula pansi, mnzanu ataima kumbuyo akukweza zala kuti muwerenge. Kucheuka kuli ndi ntchito ziwiri. Mumaona zomwe zikubwera, komanso dalaivala akaona nkhope yanu amadziwa kuti mukufuna kuchita kanthu. Dongosolo lake ndi ili: cheukani, tambasulani dzanja mbali yomwe mukupita, cheukaninso, bwezerani dzanja pa handulo, kenako khotani. Dzanja likhale lotambasuka ndithu, osati kachala kolozera pansi.

Zitseko

Podutsa galimoto zoima siyani mpata wa chitseko chotseguka, mita imodzi kapena kuposerapo, ngakhale zitanthauze kulowa pakati pa mzere. Chitseko sichichenjeza. Chikakumenyani pa handulo chimakuponyerani mumsewu, kumene kukubwera ena. Yang'anani zizindikiro: mutu wa munthu mkati, magetsi a buleki oyaka, galimoto yomwe yangoima kumene, takisi yomwe yaima malo osayembekezeka.

Tsiku lomwe inuyo muli m'galimoto, tsegulani chitseko ndi dzanja lakutali nacho. Thupi limatembenuka lokha, maso n'kuona kumbuyo. Njirayi amayitcha Dutch Reach, potengera dziko la Netherlands, ndipo inalowanso m'malamulo a ku Britain aja a 2022.

Mphambano, ndi malole

Ngozi zambiri za njinga mumzinda zimachitikira pa mphambano, ndipo yoopsa kwambiri imachitika motere. Lole kapena basi yaima pa maloboti. Pakati pa iyo ndi mphepete pali kampata kooneka ngati anakonzera njinga. Wopalasa alowamo. Maloboti asintha, lole ikhotera mbali yomweyo. Galimoto yaitali ikamakhota imayamba yatayira mutu kunja, ngati ikupita mbali ina, kampata kaja n'kukula, kenako matayala akumbuyo amadula ngodya n'kutseka mpata wonse. Dalaivala ali pamwamba, ndipo m'mbali mwake muli malo omwe sawaona ngakhale pagalasi. Vutoli ndi lalikulu moti mzinda wa London kuyambira 2021 umafuna kuti malole olemera kuposa matani 12 akhale ndi chilolezo chotengera mmene dalaivala amaonera kunja ali pampando wake.

Lamulo lake ndi lalifupi: musalowe m'mbali mwa lole kapena basi pa mphambano, iyatse indiketa kapena isayatse. Imani kumbuyo kwake, patali poti mukuona galasi lake. Ikakupezani mutaima kale n'kuima pambali panu, sunthirani kutsogolo mpaka mutacheuka muone nkhope ya dalaivala, kapena tsikani muchoke pamsewu. Masekondi 30 omwe mungapulumutse salingana ndi chomwe mungataye.

Galimoto zing'onozing'ono nazo zili ndi khalidwe lake. Ina imakupitirirani kenako n'kukhota kutsogolo kwanu. Ina ikuchokera kutsogolo imadula njira yanu chifukwa dalaivala amasaka galimoto, sasaka njinga. Ina imasuzumira kuchokera mu kamsewu ka m'mbali. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: poyandikira mphambano khalani pakati pa mzere, zala zili pa mabuleki, maso ali pa tayala lakutsogolo la galimotoyo. Nkhope ya dalaivala ikhoza kukupusitsani, amatha kuyang'ana komwe muli osakuonani. Tayala likayamba kugubuduka kapena kutembenuka silinama.

Pa raundabauti musazungulire m'mphepete, chifukwa potero mumadutsa pakamwa pa msewu uliwonse wotulukira, pomwe magalimoto akukudulani. Ngati ndi yaing'ono, ya mzere umodzi, lowani pakati ngati galimoto, mupereke chizindikiro potuluka. Ngati ndi yaikulu, ya mizere itatu, ndi ija ndinanena ija: tsikani.

Maloboti ofiira ndi anunso. Ndipo oyenda pansi muwachitire zomwe mukufuna galimoto zikuchitireni. Chepetsani liwiro, imbani belu muli patali, osati mutafika pamsana pawo.

Mvula, njanji ndi mdima

Mvula ikagwa, zitsulo zovindikira ngalande ndi utoto wa mizere ya pamsewu zimaterera ngati sopo. Musagwirepo buleki kapena kukhoterapo. Mabuleki ogwira pa limu akanyowa amachedwa kugwira, choncho yambani kufinya msanga. Chithaphwi musachikhulupirire, pansi pake pakhoza kukhala dzenje. M'mizinda yomwe muli njanji zodutsa mumsewu, ziwolokeni mopingasa. Mukazitsata cham'mbali tayala limalowa mu mpata wa njanji, ndipo kugwa kwake sikupereka nthawi yoganiza.

Usiku nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo. Mumzinda nyali si yoonera njira kwenikweni, ndi yoti muoneke. Zonyezimira zimagwira ntchito bwino zikakhala pa ziwalo zoyenda, monga akakolo ndi mapedulo, chifukwa diso la dalaivala limazindikira msanga kukwera ndi kutsika kwa miyendo. Mahedifoni asiyeni m'thumba. Makutu ndi galasi lanu loonera kumbuyo, ngakhale kuti galimoto zamagetsi zayamba kuwapusitsa, choncho kucheuka sikungalowedwe m'malo.

Kukhoma njinga

Waya wopyapyala wakuba amadula m'kuphethira kwa diso. Pezani loko yachitsulo yooneka ngati chilembo U, kapena unyolo wolimba. Ikoleke felemu ndi tayala lakumbuyo pamodzi ku chitsulo chozikika pansi, chomwe njinga singatulutsidwe cha pamwamba. Kukhoma tayala lakutsogolo lokha ndi kupereka njinga: mudzapeza tayalalo likukudikirani mokhulupirika, zina zonse zitapita. Sankhani malo odutsa anthu, owala. Chotsani nyali ndi pampu. Tembenuzani njinga lero lomwe, mujambule nambala yomwe inadindidwa pansi pa felemu pomwe pamazungulira mapedulo, ndi chithunzi cha njinga yonse. Ikabedwa, nambalayo ndiyo umboni wanu.

M'chikwama musasowe chubu chapadera, tizitsulo tochotsera tayala, pampu yaing'ono, zigamba ndi guluu wake, ndi sipanala yoyenera manati a njinga yanu. Tayala likaphwa panjira, sinthani chubu, chobookacho mukamate kunyumba. Musanalowetse chatsopano yendetsani zala mosamala mkati mwa tayala kuti mupeze chomwe chinabaya. Ine ndinasiyapo kagalasi mkati, ndipo chubu chatsopano chinaphwa ndisanafike pa maloboti achiwiri.

Kupalasa ndi anzanu

Mukazolowera njira ya kuntchito, mudzayamba kuona kuti mzinda uli ndi anthu ena apanjinga, ndipo amakumana. Ku Bogotá, likulu la Colombia, kuyambira 1974 kuli Ciclovía: Lamlungu lililonse ndi masiku a tchuthi, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, misewu yotalika makilomita oposa 120 imatsekedwa kwa magalimoto n'kusiyidwira njinga, othamanga ndi ana. Mizinda yambiri inatengera. Ku San Francisco, mzinda wa ku America, mu 1992 kunayamba Critical Mass, gulu lopanda mtsogoleri lomwe limakumana Lachisanu lomaliza la mwezi n'kupalasa limodzi mumzinda, ndipo mwambowu unafalikira m'mizinda mazana. Ku Paris njinga zobwereka za Vélib' zinayamba mu 2007, ku London zofanana nazo mu 2010. Ndipo 3 June ndi tsiku la njinga padziko lonse, lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2018.

Anthu akaona Amsterdam, likulu la Netherlands, amaganiza kuti mzindawo unabadwa ndi njira za njinga. Ayi. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi za pamsewu ku Netherlands, ana oposa 400 mwa iwo. Makolo anayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana, n'kumatseka misewu ndi matupi awo. Vuto la mafuta la 1973 linawonjezera moto, boma linaletsa magalimoto kuyenda Lamlungu kwa kanthawi, anthu n'kulawa msewu wabata. Lero ku Utrecht, mzinda wina wa m'dzikomo, pafupi ndi siteshoni ya sitima, kuli malo oimikapo njinga zokwana 12,500. Ndikunena izi chifukwa gulu lomwe mungalowe nalo ulendo wa Lamlungu nthawi zambiri ndi lomwelo limakakambirana ndi akuluakulu a mzinda za njira za njinga.

Ulendo woyamba wa pagulu, funsiranitu zinthu zitatu: mtunda, liwiro, ndiponso ngati amadikira wotsalira. Gulu labwino limakhala ndi wotsogolera ndi wotsekera kumbuyo, ndipo wotsekerayo sapitirira aliyense. Fikani njinga itayang'anidwa kale, botolo la madzi lili lodzaza.

Muli pagulu, wakumbuyo kwanu saona msewu, amaona msana wanu. Lozani dzenje ndi dzanja, fuulani mukamachepetsa liwiro kapena kuima, ndipo uthenga wochokera kutsogolo muupereke kumbuyo. Musagwire buleki mwadzidzidzi. Tayala lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzanu, chifukwa akangosuntha pang'ono matayala akhudzana, ndipo wogwa ndi inu wakumbuyo. Pa mphambano aliyense aone yekha. Mawu akuti "kuli bwino" ochokera kwa munthu amene wawoloka masekondi asanu apitawo ndi akale. Maloboti akadula gulu pakati, otsalira aime, akutsogolo adikire malo abwino.

Mukafuna kukonza ulendo wanu wozungulira mzinda, yambani ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi mtunda wa makilomita 15 mpaka 20. Njirayo muyipalase nokha masiku angapo ulendo usanachitike, pa ola lomwelo. Ikhale yozungulira, yobwerera poyambira, ndipo zitunda ndi mphepo yakumaso zikhale kumayambiriro miyendo ikadali ndi mphamvu. Ikani popumira pamakilomita 7 kapena 8 alionse, pamalo poti njinga zonse zikwane kunja kwa msewu. Liwiro likhale la munthu wochedwa kwambiri pagulupo, ndipo munthuyo muikeni wachiwiri kuchokera kutsogolo. Akakhala kumapeto amafika popumira ena atapuma kale akunyamuka, ndipo ulendo wotsatira simumuonanso. Aliyense asunge nambala ya foni ya wotsogolera ndi ya wotsekera, ndipo musananyamuke gwirizanani malo amodzi odziwika bwino oti wosochera akadikirepo.